Pampando wa Komiti ya Chipatala Sindichoka

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chisepo tili bwino, koma amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Lachiwiri anthu anandisankha kukhala wapampando wa komiti yolangiza chipatala chathu. A Kachingwe, aja ankatibweza pakhomo pa chipatala tikapanda khadi la chipani, anaimirira n'kunena kuti, "Nabanda akhale mlembi. Mpando ndi wa amuna."

Ndinawayankha kuti, "Bambo, mwana wanga anafera kumsana kwanga tsiku lomwe munatibweza lija. Pampandopa sindichoka." Anakhala pansi, ndipo msonkhano ndinautsegula ndine.

Munditumizireko magalasi owerengera, chifukwa makalata a komiti achuluka. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Nabanda