Ngaka mu Firiji ya Mayi Langus

Lolemba, 12 Meyi

Mvula kuyambira m'mawa. Nsapato sizinaumepo chiyambire mwezi uno, fungo lake ngati nsomba yoola. Misundu pa akakolo, wina mpaka kuseri kwa bondo, kaya unadzera pati.

Dona tamupeza. Wasamukanso, dzenje latsopano pansi pa nsungwi kumtunda kwa mtsinje. Ngaka imeneyi sigona nyumba imodzi kawiri, n'chifukwa chake mnzanga Talum anaitcha Dona. Kawailesi kamene tinamumata pa mamba a kumchira kakulira bwino, ti, ti, ti, ukaloza eriyo mbali yake. Mwa ngaka zonse zimene tinamata chaka chatha, zina zinataya tiwailesi, zina zinangosowa. Watsala iyeyu. Digiri yanga yonse ikuyenda pa mchira wa Dona.

Potsika ndinaterereka, khu m'matope, eriyo ili m'mwamba ngati ambulera. Talum anaseka mpaka kugwira mtengo. Ati, "Inu a ku Taipei munabadwa ndi mapazi a pa simenti." Ndinamugenda ndi dothi, ndinaphonya. Zaka ziwiri m'phiri lino ndi munthu ameneyu, kalasi imodzi, mpunga wa mphika umodzi, koma pakamwa pake sipatopa. Ndi yemweyunso anandibereka kumsana kutsika nane phiri lonse nditabinya mwendo chaka chatha, akundinena njira yonse kuti ndine thumba la simenti.

Ndalama za ku yunivesite sizinabwerebe. Mazira ndi kabichi mpaka zidzafike.

Lachitatu, 14 Meyi

Anyani atibera chakudya chamasana. Chikwama ndinachisiya chotsekula, ndine. Wamkulu wawo anakhala pa nthambi n'kumadya mpunga wanga akundiyang'ana m'maso, manyazi alibe.

APulofesa Lai anaimba foni. Abwera kumapeto a mwezi. Nyimbo yawo ndi yomwe ija: pa nyumba ya kafukufuku galu ayi, agalu akutha ngaka m'mapiri muno kuposa misampha, wopezeka akuweta galu alongedze. Ine, inde aphunzitsi, inde aphunzitsi, galu wanga Mbatata atagona pa phazi langa.

Ndinamutola pa msewu ali kamwana, nthiti zokhazokha. Ndimutaye kuti? APulofesa akamabwera timakamubisa kwa mayi Langus, azakhali ake a Talum, eni golosale ya kumudzi kumunsiku. Iwo amangoseka n'kumuponyera mafupa a nguluwe. Ine amandipatsa mpunga wophikira m'nsungwi, ati ndaonda ngati eriyo yanga yomwe.

Mbatata akakhala pa chingwe amalira mpaka kucha, mutu kuwawa. Masiku ano ndikumangomumasula tikamagona. Angapite kuti m'mvula yotereyi? Talum sakondwa nazo. Ndamuuza kuti akadzakhala ndi wake azidzamanga.

Loweruka, 17 Meyi

Chimfine chandigwetsa. Thupi moto, mafupa ngati andimenya.

Dzulo m'mawa Mbatata anabwera milomo itang'ambika, magazi pachifuwa. Ndinaonera pa zenera Talum akumutsuka pa mpopi. Ati ndi waya wa m'munda mwa munthu. Kenako anatenga wailesi ndi eriyo, ulendo kuphiri, osadya kanthu. Anabwerera dzuwa litapendeka, ndipo njinga yamoto ndinaimva ikuchokera mbali ya kumudzi.

Akuti Dona sakumveka. Mwina batire latha, mwina wawoloka chigwa. Batire loti tinaika posachedwapa? Amayankha akuyang'ana mphika. Ati ndiyambe ndachira, tidzayesanso.

Wandiphikira msuzi wa nkhuku wa jinja wambiri. Nkhukuyo kaya waitenga kuti.

Lachiwiri, 20 Meyi

Ndilembe basi, apo ayi ndipenga.

Talum anapita ku tauni ya Taitung kukagula mabatire a makamera athu a m'tchire. Ine ndinakwera ndekha, chitunda ndi chitunda, eriyo uku ndi uku. Zii. Potsika ndinati ndidzere kumudzi ndigule mazira. Wailesi ndinaiponya m'chikwama osazimitsa. Nditafika pa tchalitchi, kumsana kwangaku: ti. Ti. Ti. Motsitsa, koma ndi iyeyo, kulira kwake ndingakuzindikire ngakhale kutulo.

Ndinatulutsa eriyo pakati pa msewu, anthu akundiyang'ana. Kulira kumakula ndikamayandikira golosale ya mayi Langus. Iwo kunalibe, anali kumunda, chitseko chakuseri chosakhoma monga mwa masiku onse. Ndinalowa. Inde, ndinalowa m'nyumba ya eni. Firiji yaikulu ija yosungira nyama. Ndinatsekula.

Pansi pa miyendo ya nguluwe, jumbo lakuda. Dona. Wodzipinda, wouma gwa. Maginito amene timazimitsira kawailesi anamangidwapo ndi selotepi, koma anasomphoka n'kugwera pambali. Selotepi yachikasu, yathu ya pano. Za maginito timadziwa anthu awiri m'chigwa chonsechi, ndipo ine ndinali chigonere.

Jumbo sindinalitsekule lonse. Mamba ndi kawailesi, basi, ndinabwezera chivindikiro. Ndinatuluka. Kenako ndinaimbira aPulofesa, pomwepo pa msewu. Ndinawauza zimene ndinaona, ndi zinanso zimene sindinaone: kuti abale ake a Talum ndi alenje, kuti mamba a ngaka ali ndi ogula, kuti ndalama zathu zachedwa ndipo munthu akapanikizika ndani akudziwa. Mawu amangotuluka okha. Iwo ati nkhani yotere sangaisunge, ndi ya apolisi.

Talum wabwera ndi mabatire, ndi buledi wa nyemba zotsekemera amene ndimakonda. Ndadzitsekera kuchipinda. Ndati chimfine chabwereranso.

Lachitatu, 21 Meyi

Apolisi a zankhalango afika m'mudzi m'mawa. Ine ndinaima patali, kuseri kwa tchalitchi, ngati wakuba. Anatulutsa zonse za m'firiji n'kuziyala pakhomo pa golosale, n'kumajambula. Mudzi wonse unaima pamenepo. Mayi Langus atavala epuloni, manja ali lende, akungofunsa kuti jumbolo muli chiyani. Nkhope yawo ndinaiona bwinobwino. Samadziwa kanthu.

Talum anafika akuthamanga. Ati ndi iye anaikamo. Anamutenga, azakhali akenso anawatenga. Awamasula madzulo. Mlandu wosunga nyama yotetezedwa, ndipo ukakula ndi ndende. Kuno sanabwere, wagona kumudzi.

Ndimayesa ndimva kuti ndachita chilungamo. Sindikumva choncho.

Lachisanu, 23 Meyi

Chithunzi chili m'mafoni monse. Dona pansi, nyama ya nguluwe, chikwangwani cha golosale chikuwerengeka bwinobwino. Anthu a m'tauni akulemba zomwe amalemba nthawi zonse za anthu a kumapiri. Amayi anga anaimba foni: "Ndinakuuza ine, anthu amenewo usamadye nawo." Ndinawadulira foni, koyamba chibadwire. Chimene chikundinyansa n'chakuti mawu awo sakusiyana kwenikweni ndi amene ndinauza aPulofesa pa msewu paja.

APulofesa afika msanga chifukwa cha nkhaniyi. Mbatata ndamutsekera mu shedi ya zida, kokamubisa kulibenso. Ndikumupatsa chakudya chambiri kuti asalire.

Akuti kupolisi Talum wangonena kuti anamupeza Dona atafa kale m'tchire, ndipo anamusunga kuti akapimidwe. Atamufunsa chifukwa chimene sanamuikire m'firiji ya pano, chifukwa chimene anandinamizira, chifukwa chimene anazimitsira kawailesi, watseka pakamwa. APulofesa amuimitsa ntchito. Dona apita naye kwa dokotala wa nyama.

Buledi uja akadali pa tebulo. Wayamba nkhungu. Kumudya sindingathe, kumutaya sindingathe.

Lolemba, 26 Meyi

Zotsatira zabwera. APulofesa amawerenga pa foni yawo tikudya. Msampha ayi, chipolopolo ayi. Mamba palibe anachotsa, alipo onse kupatula othyoka. Mchira wotafunidwa, mimba yobooka. Mano a galu wa msinkhu wapakati. Pakati pa mamba, ubweya wofiirira ndi kachidutswa ka dzino.

Ndinati ndikupita kuchimbudzi. Ndinapita ku shedi. Mbatata ndinamukweza mlomo. Dzino lalitali la m'mwamba, lothyoka pakati. Anandinyambita dzanja.

Ndinakhala pansi pa simenti. Waya. Anati waya.

Ndiye kuti anaona milomo ija n'kudziwa. Anakwera phiri, anamupeza Dona, anamunyamula. Kumukwirira sakanatha, chifukwa ndi Talum, nyama yakufa sataya isanapimidwe. Firiji ya pano ndimaitsekula tsiku lililonse. Kunena sakanathanso, chifukwa wolongedza ndikanakhala ine. Ndipo kupolisi konse kuja, ndende ikumuyang'ana m'maso, galu sanamutchule. Amene anamasula chingwe ndine. Amene anaimba foni ndinenso.

Ndinalowa m'nyumba Mbatata ali pa chingwe. APulofesa anavula magalasi, kuyang'ana galu, kuyang'ana ine. Ati, "Ndiye munandiimbira kudzamunenera mnzanu, galu ameneyu ali pakhomo?" Za ine akuti tikakambirana ku yunivesite. Galu achoke sabata ino, apite kosungira agalu opanda eni.

Za digiri sindikuzimva n'komwe. Ndadabwa nazo.

Lachinayi, 29 Meyi

Kupolisi ku Taitung. Ndanena zonse, ndasaina. Wapolisi ati zithandiza, mwina nkhani ithera pa chindapusa kapena chenjezo, koma woweruza si iye. Ndinafunsa za chithunzi chija. Anangotukula mapewa.

Pobwerera tayala linaphwa pa mlatho. Ndinakankha njinga mpaka kumudzi, mvula ili pamsana. Magalimoto a anthu odziwika anandidutsa, osaima. Kale akanaima onse.

Golosale yotseka. Mayi woyandikana nawo, amene masiku onse amandinena kuti sindidzakwatiwa ndi nsapato zonunkhazi, lero anandiyankha ngati mlendo. Ati mayi Langus sakutuluka m'nyumba, ngakhale kutchalitchi sanapite, iwo amene amatsogolera nyimbo. Ndinagogoda. Kanema amamveka mkati. Palibe anatsekula.

Mauthenga anga Talum akuwerenga. Osayankha.

Loweruka, 31 Meyi

Wabwera kudzatenga katundu wake. APulofesa anamuimbira kuti abwerere pa ntchito, wakana.

Ndinakonzeratu mawu ambirimbiri. Ndinangoti pepa, n'kuyamba kulira ngati chitsiru. Iye anapitiriza kupinda zovala. Ati bodza lija ndi lake, analakwa, amafuna andiuze ndikachira koma anasowa poyambira, ndipo azakhali ake anawalakwira iyeyo poika chinthu m'firiji yawo osawauza. Za maginito anaseka pang'ono, ati ndi selotepi yotchipa ija ndinagula ine. Ndinaganiza kuti mwina zikutheka. Kenako anasiya kuseka.

"Nambala yanga uli nayo, Yun-ru. Ukanandiimbira n'kunditukwana. Zaka ziwiri zonsezi, unatsekula firiji n'kuona mlenje."



Anamanga chikwama pa njinga. Kenako anapita ku shedi n'kutuluka ndi Mbatata. Ati kosungira agalu kuja n'kodzaza, galu wamkulu wothyoka dzino palibe angamutenge, akangofera m'kakhola. Kwa amalume ake kuli mpanda, sadzatulukanso. Ndinamufunsa kuti angamutenge bwanji galu ameneyu, atachita zonsezi. Anamukweza pakati pa miyendo, n'kuliza njinga. Ati, "Uyu analuma amene samamudziwa."

Anapita. Nyumba yangoti zii, mabedi awiri, makapu awiri.

Mawa kuphiri, makamera akufunika mabatire. Katundu wake ndi wa anthu awiri, kaya ndinyamula bwanji. Koma ndiyambe ndatsikira kumudzi. Ndikagogodenso kwa mayi Langus, ndikakhale pakhonde mpaka atsekule, ndipo akatsekula ndikawauze kuti amene anaimba foni ija ndine.