Lunik Sindimuchotsa

Loweruka madzulo. Lero kunatentha, koma mtima uli m'malo.

Mawa Lamulungu, tsiku loyamba la sukulu pa sabata kuno, ndikalankhula kutsogolo kwa kalasi ya sayansi ndekha, chifukwa palibe gulu lomwe linanditenga. Nkhani yanga ndi ya Lunik, dzina limene nyuzipepala za Chingelezi zinkatchulira zombo zoyamba za ku Russia zopita kumwezi mopanda munthu. Aphunzitsi ati dzinali si Chingelezi, ndilichotse kapena ndikatsimikize, apo ayi malikisi atsika. Ndafufuza. Angelezi analibwereka, monga anachitira ndi Sputnik.

Ndinayeserera pamaso pa adadi ku Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, asanapite ku shifiti yakuhotela.

"Ndiye azungu nawonso amabwereka mawu?" anafunsa. "Ine ndimayesa ndife tokha, eni ake a mawu ngati sukulu ndi basi."

"Amabwereka, adadi, ndipo sabweza."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Yalla, tiye nazo, ukawauze choncho. Koma ukakweze mawu, usakalankhule ndi nsapato zako."

Chimodzi mwa zombozo chinapita chokhachokha n'kukajambula kuseri kwa mwezi, kumene munthu anali asanakuonepo. Ndikayambira pamenepo. Ndikaima kuseri kwa tebulo n'kukweza mawu, ndipo Lunik sindimuchotsa.