Mita ya Dona

Lolemba, 3 Juni

Dona akugulitsidwa pa 15. Achimwene asayina kale mapepala a okushoni. Andiuza lero ataima pakhomo la galaja yanga, osalowa n'komwe, kuopa girizi pa nsapato.

Sindikukana, Dona ndi galimoto yawo. Anaigula ndi ndalama zawo ili chigoba, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Koma Loweruka lililonse la zaka zisanu ndi ziwiri ndathera pansi pake ndine. Ya ku Jeremani, mipando iwiri basi, denga la nsalu lopinda, yakale kuposa ine. Palibe bawuti imene sinadutse m'manja mwangamu.

Masana kunabwera bambo wa okushoni, atavala magolovesi oyera ngati wonyamula bokosi la maliro. Anazungulira katatu, kenako n'kusuzumira pa mita ya makilomita. "Naini okha chiikonzereni? Mayi, golide wanu ndi ameneyu. Musaiyendetsenso." Ati ogula amafuna yosakhudzidwa. Ndinamuuza kuti injini yomangidwa kumene imafuna makilomita 500 kuti zitsulo zizolowerane, komanso kuti makanika aone ngati analakwitsa penapake. Iye kuseka. Achimwene nawonso kuseka, n'kuponya makiyi m'thumba.

Lachiwiri, 4 Juni

Makiyi eti. Kubisira makanika makiyi! Mawaya onse a galimoto imeneyi ndinayala ndine. Asa!

Lachitatu, 5 Juni

Ndapita naye. Kasitomala wa mmawa ndinamuuza abwere madzulo, ndinapinda denga, n'kutuluka pa geti ngati munthu.

Mayo ine, kulira kwake! Pansipansi, kokhuthala, kenako ukaponda amachita ngati wakumbukira unyamata. Giya yachitatu ikulimba pang'ono. Mpango wanga unathawa pamutu ndisanafike pa mlatho. Ndinaseka ndekha mpaka misozi, mayi wamkulu ngati ine.

Mita: 96. Bambo Magolovesi uja akadaona akadakomoka.

Lachinayi, 6 Juni

188. Wothira petulo: "Abwana anu akudziwa kuti mwatenga?" Ndinamuuza kuti athire, asandifunse za kumudzi kwathu.

Lachisanu, 7 Juni



Pa chitsikira cha kuseri kwa fakitale ya njerwa ndinaponda buleki, phazi linangolowa mpaka pansi. Palibe. Kutsogolo kuli lole ya mchenga. Ndinatsitsa giya, handibuleki pang'onopang'ono, Dona n'kukaima m'udzu, mphuno yake ikununkhiza ngalande.

Nditalowa pansi ndinapeza paipi ya mafuta a buleki yabooka. Imakhudzana ndi chitsulo, imapekeseka pa bampu iliyonse. Anaimanga moteromo ndani? Ineyo. Chaka chathachi, ndi manja anga odzitamawa. Ndinakhala m'udzumo nthawi yaitali, manyazi ndi mantha zonse pamodzi.

Pa makilomita naini sichikadaoneka chimenechi. Chikadaonekera munthu wina, mwina ali ndi mwana wake pambali, ndipo anthu akadafunsa kuti anakonza ndani.

Loweruka, 8 Juni

Sindinatuluke. Paipi yatsopano, ndaidutsitsa kwina. Ndayang'ananso zina zonse zitatu, kawirikawiri. Bondo likuwawa.

Lamulungu, 9 Juni

Zaululika. Alamu anandiona Lachinayi ali m'basi, ndipo pakamwa pa alamu sipagona nkhani.

Achimwene anafika akuchokera ku tchalitchi, ndipo lero analowa, girizi osamuona. Anayang'ana mita. 271. 

"Iwe, wandipha."

Ndinawaonetsa paipi yobookayo. Anaigwira, kuitembenuza, n'kuiika pa tebulo ngati ndawapatsa mwala. "Chabwino, wakonza. Ndiye bweza mita ifike pa naini. Ntchito ya mphindi khumi kwa iwe."

Zoona, mphindi khumi. Mwinanso zisanu. Ndinati ayi.

Ati kabuku ka okushoni kasindikizidwa kale. Ati ndikudziwa bwino kuti nyumba yawo yaima zaka zinayi yopanda denga, ndipo msana wawo sungapirirenso chaka china pa mpando wa ofesi ija. Ati ndapenga ndi galimoto ya eni. Zonsezo mwina n'zoona. Koma ine chiyambireni ntchito sindinabwezepo mita ya munthu, ndipo sindiyambira pa Dona.

"Ndipeza wina abweze."

"Mupezeni, achimwene. Ine ndikaima pa okushonipo n'kunena nambala yeniyeni mokweza, ndipo mawu anga mukuwadziwa."

Anamenyetsa geti mpaka loko anagwa.

Lachiwiri, 11 Juni

Alamu pa foni, mawu ofewa ngati si omwe anakaulula. Ati achimwene sakudya. Ati magazi ndi magazi, galimoto ndi chitsulo chabe. Ndinawayankha kuti chitsulo chomwecho chikadandipha Lachisanu.

Nditadula foni mtima unandipweteka ndithu. Munthu uja anasiya sukulu kuti ine ndipite ku maphunziro a umakanika, pamene aliyense ankati mtsikana ndi sipanala siziyenderana. Sindinaiwale. Koma sanandiphunzitse kuti ndidzakhale wakuba wa mbiri yabwino.

Ndinapukuta m'maso n'kukayenda ena 90. Giya yachitatu yafewa.

Lachinayi, 13 Juni

503. Ndakhetsa oyilo, ndathira watsopano, ndamanganso mabawuti a pamutu pa injini. Palibe chodontha, palibe chogogoda. Tsopano ndiye galimoto.

Ndinamuimbira Magolovesi ndekha, n'kumuuza nambala yeniyeni ya pa mita. Anapuma ngati tayala lobooka. Ati aika kapepala kokonza m'kabuku kalikonse, koma mtengo utsika, ndisadzati sananene. Ndinamuuza alembenso kuti mabuleki ayesedwa pa chitsikira chenicheni. Ati zimenezo sizigulitsa galimoto.

Lachisanu, 14 Juni

Ndamutsuka. Tizilombo ta pagalasi ndinatsala pang'ono kutisiya dala.

Loweruka, 15 Juni

Holo yaikulu, magetsi owala, magalimoto atandandalika ngati akwati. Anthu a masuti akusuzumira m'mainjini manja ali kumbuyo. Palibe ndi mmodzi yemwe anapempha kuti amve kulira kwake. Achimwene anakhala mipando itatu kuchoka pa ine, pakati pathu palibe munthu.

Magolovesi anawerenga kapepala kaja mothamanga ngati akumeza mankhwala owawa. Manja anakwera, anakwera, kenako n'kuyamba kutsika. Anatsala awiri: mdala wina wa ndevu kutsogolo, ndi munthu wa pa foni amene sitinamuone. Ndinkapempherera mdalayo, zikhadabo zake zinali zakuda. Anagonja. Hamala inagwa.

Mtengo sunafike pomwe achimwene ankayembekeza. Denga likwana, koma ntchito sasiya chaka chino. Ndinawayang'ana, iwo akuyang'ana nsapato zawo. Sindinapepese, ngakhale mawuwo anafika pakhosi.

Panja panabwera lole yotseka ngati kontena. Anyamata anayi anayamba kumukankha Dona ndi manja. Ndinati bwanji osangoliza? Kapitawo wawo ati bwana salola. Ali nawo magalimoto makumi atatu m'nyumba ya magalasi, amakhetsa petulo ndi oyilo, n'kuwakweza pa zitsulo kuti matayala asakhudze pansi.

"Sayenda nawo?" Anafunsa ndi achimwene, kumbuyo kwanga. Sindinadziwe kuti anditsatira.

"Olo tsiku limodzi, bambo."

Achimwene anayang'ana galimotoyo nthawi yaitali. Mpamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi sanakhalemo n'kamodzi komwe, ankaopa kukwinya chikopa cha mipando.

"Mapepala osinthira umwini tisayina nthawi yanji?" anafunsanso achimwene.

Kapitawo anayang'ana wotchi. Ati folo koloko. Inali itangodutsa kumene fili koloko.

"Ndiye ikadali yanga. Chotsani manja."

Anatulutsa makiyi aja m'thumba n'kundiponyera, osandiyang'ana. Anatsegula chitseko, n'kukhala mosamala ngati pa mpando wa kuchipatala, mawondo atagunda kutsogolo. Magolovesi anatuluka akuthamanga, akukuwa za kapepala kena koti akonzenso. Ndinamuimikira dzanja n'kuliza injini.

 Pa msewu waukulu ndinalowetsa yachitatu, kenako yachinayi. Mphepo inawavula chipewa chawo cha ku tchalitchi, ndinachiona pa galasi chikugubuduka pakati pa msewu. Ndinayamba kuponda buleki kuti tikatole.

"Iwe, ukuimiranji?" anakuwa achimwene, atagwira chitseko ndi manja onse awiri. "Chisiye! Ponda!"