Bango Langa ndi Mpando wa Amayi

Nselema,
Machinga.
14 Ogasiti, 1983.

Okondedwa achimwene a Hassani,

Salamu alaikumu. Ndine mlongo wanu Lukiya. Muli bwanji kumeneko ku Bulawayo, inu, alamu ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tili bwino, Alihamudulila, kungoti fumbi latikwana.

Ndikudziwa kuti amalume a Abudu anakutumizirani mawu kuti inu, eni mbumba, muvomereze kuti amuna anga a Sadiki achoke pamudzi pano. Musanayankhe mumve kaye mbali yanga, chifukwa amalumewo nkhani amaiyambira pakati.

N'zoona kuti chiwaphwanyireni mwendo belo la thonje ku Balaka kuja, a Sadiki khasu saligwira. Koma zoti amangokhala ndi bodza lamkunkhuniza. Amakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba ndi kasemasema, sowo ndi mpeni, kusema timitengo. Sagulitsa iyayi, amangozikonda, akuti manja akakhala chete mtima umawawawa. Mithiko ndi zipande ndili nazo zokwanira mudzi wonse. Anandikhomera thandala la mbale loti mbuzi zinalilephera. Mwana wathu Nafisa anamupangira kathabwa koikapo Kurani, kopinda ndi kutambasula, kopanda msomali ngakhale umodzi. Nanga bawo amene amalume amasewera tsiku lonse uja anasema ndani? Koma iwo amvekere mkamwini ndi khasu, zidole sizidzaza nkhokwe.

Tsono amayi mawondo awavuta kuyambira dzinja lija. Akakhala pamphasa, kudzuka mpaka anthu awiri awanyamule. Mapemphero a swala ankachita chogona, uku misozi ili chuchuchu. A Sadiki zinawakhudza, anati awapangire mpando wokhala ndi mogwira manja, kuti azidzikankha okha podzuka.

Koma amayi anu mukuwadziwa pa mwambo wa upongozi. Akangomva ndodo ya a Sadiki ikugogoda pabwalo, amafunda chitenje kumutu n'kuyang'ana kukhoma. Ndiye munthu woti sunamuyang'anepo bwinobwino, msinkhu wake ungaudziwe? Anangoganizira. Mpando unatuluka wautali ngati wa a DC. Titawakweza amayi, miyendo inangoti lende m'malere, ndipo anthu anaseka, amalume kuposa onse.

Apa mpamene ine mlongo wanu wa nzeru zothamanga ndinati ndithandize. Masana ena amayi atagona pakhonde, ndinatenga bango n'kuyamba kuwayeza, kuchokera kuchidendene kufika pabondo, kenako mpaka m'chiuno. Ndikuti ndithyole bango paja, amayi maso tong'o!

Achimwene, kukuwa kwake! Akuti mwana wobereka okha akuwayeza manda ali moyo. Ine m'mutu simunabwere n'komwe zoti bango ndi lomwe amatengera muyezo wa maliro kupita nalo kwa okumba manda. Mudzi wonse unakhamukira pakhomo. Amalume anapezerapo mwayi, akuti mwaona, mkamwini wosalima uja tsopano watuma mkazi wake kuti athane ndi apongozi. Amayi anasiya kundilankhula, ngakhale phala langa ankalibweza.

A Sadiki sanandikalipire. Anangotola bango lija pomwe linagwera, akuti poti manyazi tachita kale, muyezo usapite pachabe. Anadula miyendo ya mpando, anatsitsa mogwira manja, pokhalira anapapendeketsa pang'ono chakutsogolo, n'kuukwecha ndi mchenga mpaka kusalala. Amayi anakana ngakhale kuuyang'ana. Unangokhala pakhonde, nkhuku n'kumagonapo.

Lachisanu lapitali, anthu atatuluka kumzikiti, ankhoswe a mbali zonse ziwiri anabwera kudzakamba mlanduwu. A Sadiki anali atamangiratu bulangete ndi zida zawo m'thumba. Ine ndinkangoganiza kuti Nafisa ndimuuza chiyani bambo ake akamatuluka m'mudzi ndi ndodo. Amayi tinawanyamula kuwatulutsa panja. Tikuti tiwatsitsire pamphasa, mawondo anakaniratu kupinda. Azakhali a Sakina anangokoka mpando uja, n'kuupukuta ndi chitenje. Amayi, chifukwa cha ululu, anakhalapo, nkhope atafunda.

Amalume analankhula, analankhula, mpaka ankhoswe ena kuyamba kusinza. Kenako pakamwa panawatsogola. Akuti mudzi uno ndi watsoka pa akamwini, ngakhale malemu bambo athu analinso munthu wamanja lende.

Ogo! Amayi atamva zimenezo, manja pa mogwira muja, dzu! Anaimirira, chala chili kwa amalume. Anawakumbutsa kuti ndi malemuwo amene anawadyetsa chaka cha njala, anawakumbutsa amene anawafolerera nyumba mkazi atawathawa. Ali pakati pokalipa anadzidzimuka. Anayang'ana kumanja, palibe wowagwira. Kumanzere, palibe. Anakhala pansi. Anadzukanso. Anakhala, anadzukanso, ngati mwana amene wangodziwa kumene kuimirira. Azakhali anayambitsa nthungululu, azimayi onse n'kulandira. Ine ndinalira, achimwene, ndinalira pamaso pa anthu osachita manyazi.

Amayi anachotsa chitenje kumutu n'kuwayang'ana a Sadiki m'maso, koyamba chikwatiwireni ine. Analamula kuti tambala wawo wofiira agwidwe apatsidwe kwa akamwini, kusonyeza kuti zobisalirana zatha. Anati uyu ndi mwana wawo, wofuna kumuchotsa ayambe wawachotsa iwo pampandopo. A Sadiki anagwada ndi bondo lawo labwino lija, n'kuwomba m'manja.

Pano amayi akuswali atakhala pampando, ashehe anati n'zololedwa kwa wodwala. Phala langa ayambanso kumwa, ngakhale akandiona ndanyamula kamtengo kalikonse amandifunsa kuti ndikupita nako kuti. Madzulo amawaitana a Sadiki kudzacheza pakhonde, ndiye akuwapatsa ntchito zosatha. Akufuna kopondapo mapazi, akufuna chivundikiro cha mtsuko, akufunanso kabokosi kosungiramo tasibihi, mikanda yawo yopempherera ija.

Koma amalume pochoka tsiku lija ananena kuti nkhani sinathe, mawu a mzimayi samanga mudzi, omaliza ndi a Hassani. Mpaka lero thumba la a Sadiki likadali lomanga kuseri kwa chitseko. Zida amatulutsa m'mawa, madzulo n'kubwezeramo. Ndikawauza kuti amasule, amati iwo ndi obwera, adikira yankho la eni mudzi.

Achimwene, ndakugwirani mwendo. Kumunda ndikulima ine, ndipo sindinadandaulirepo munthu. Mwamuna ameneyu ndimamukonda, ndanena poyera. Lembani msanga, ngakhale mzere umodzi wokha woti akhale, ndikawawerengere amalume pabwalo pomwe anatichititsira manyazi paja.

Amayi akuti Allah akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito. Mundiperekere moni kwa alamu a Eliza ndi ana onse. Nafisa akuti moni kwa amalume ake. A Sadiki nawonso akupereka moni. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu ena oti ndikulembereni, angopukusa mutu n'kupitiriza kusema.

Ndine mlongo wanu wodikira yankho,
Lukiya.