Khadi la Mafani Atatu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno tilipo, ngakhale dzuwa la chaka chino likuwamba ngati tinalilakwira. Mango a kuseri kwa bafa ayamba kupsa, ndipo ana a pamudzi akuwagenda mopanda mantha poti mwini wake wokalipa uja kulibe. Ine ndimayesa kukuwa monga munkachitira inu, koma amangondiseka.

Mkazi wa achimwene a Yohane anachira mu Ogasiti, mwana wamkazi. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ndipo akayamba kulira amamveka mpaka kuchigayo. Mpunga wa kudambo tinakolola bwino, kupatula ndime ya m'mphepete yomwe mbalame zinagawana. Denga la khitchini linasasuka ndi mwera mu Julayi, achimwene analonjeza kufolera, ndipo mpaka lero tikuphika tikuyang'ana kumwamba. Mwana wanuyo mukumudziwa.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndikulembereni ndi ichi: dzina lija landichoka, Amayi. Landichoka ndithu!

Mukukumbukira mmene linabwerera. Chaka chatha ndinajambula ukwati wa anthu a kumpoto aja, ndipo kwawoko mwambo wake ngwakuti ukwati ukatha, achibale sakwera lole yobwerera asanaonere vidiyo, aliyense adzione mmene anavinira ndi mmene anafupira. Kompyuta yanga inkati ikafika pafupi kumaliza, n'kutentha, n'kuzima. Ndinawauza kuti abwere mawa, mawa lakelo ndinatinso mawa, mpaka lole inanyamuka anthu atakwiya. Kuchokera pamenepo boma lonse la Nkhotakota linaiwala kuti ndine Esinati, ndinasanduka Namawa. Inu munanyamula nkhuku kukapepesa kwa eni ukwati pa mlandu womwe sunali wanu, ndipo munatisiya dzinalo likadali pa ine. Chimenechi chakhala chikundipweteka kuposa mmene ndinkaonetsera.

Ntchito inauma. Maukwati onse ankapita kwa ojambula a ku Dwangwa, ine n'kumangojambula tizithunzi ta ziphaso. Kenako mu Seputembala kunabwera a Nyirenda a ku Kanyenda, asodzi a maboti aja ankagula mpunga kwa inu. Anati mwana wawo akukwatiwa, ndipo akazi awo akukana zoti ndijambule ine, koma iwo aumirira chifukwa cha inu. Potsanzika anandiuza mosapita m'mbali kuti, “Mwana wanga, alongo anga a ku Usisya akakwera lole osadziona, ine ndi iwe tonse tisamuke m'dera lino.” Ndinaseka, n'kuvomera ntchitoyo.

Ndiye ndinapita ku Lilongwe kukagula chomwe chinkandivutacho. Dzina lake ndi galafikisi khadi. Musachite tsinya, ndikufotokozerani. Ndi chipangizo chomwe chimalowa m'mimba mwa kompyuta, kukula kwake ngati chambo chabwino, ndipo ndi chimene chimasenza ntchito yonse ya zithunzi. Chikamagwira ntchito chimatentha, n'chifukwa chake amachiika timafani tochipepesera. Changa chakale chija chinali ndi kafani kamodzi kotopa.

Musitolomo mnyamata wogulitsa anandiyalira makhadi awiri. M'kati mwake ndi amodzimodzi, ana a mimba imodzi. Loyamba linali wamba, la mafani awiri, loyenda pa liwiro lomwe analipangira. Lachiwiri analikweza liwiro kufakitale komweko, iwo amangoti o-si, ndipo linali lolemera, la mafani atatu ndi chitsulo chochindikala chomwazira kutentha. Wogulitsayo anali atalikonda lachiwirili kuposa mkazi wake. Anati limathamanga, aliyense wodziwa zinthu akutenga limeneli. Nditamupanikiza kuti limathamanga motani, anavomera kuti pa vidiyo ya ukwati wonse kusiyana kwake ndi kanthawi komwera tiyi basi. Nditamupanikizanso, anavomera kuti liwirolo limabwera ndi kutentha kwake, ndiponso limadya magetsi ambiri. Iye amagulitsira m'chipinda chozizira, sanakhalepo pansi pa malata a ku Nkhotakota mu Novembala.

Ndinaimbira achimwene. Iwo sanachedwe n'komwe. “Tenga wambalo, iwe. Suja amayi ankati kuthamanga si kufika?” Onani, Amayi, masiku ano aliyense akafuna kupambana mkangano amatchula inu. Ndipo sankanama, mawuwo munkawanena. Koma mtima wanga sunakhazikike, chifukwa chomwe chinandigwetsa chaka chatha sichinali liwiro, chinali kutentha. La wamba lija silitentha kwambiri, koma zolipepesera zake n'zochepa. La o-si lili ndi zolipepesera zamphamvu, koma limadzitenthetsa lokha ndi changu chake. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ili ndaligwira, ilo ndaligwira, mpaka wogulitsa anayamba kuthandiza anthu ena.

Kenako ndinakuonani m'maganizo tikuchokera kunyanja kotunga madzi, ine ndili kamtsikana. Ndinkakonda kandowa kakang'ono, n'kukadzaza mpaka pakamwa, ndipo ndinkafika kunyumba nditanyowa thupi lonse, madzi atatsala theka. Inu munkasenza chindowa chachikulu chija koma osachidzaza. Munkati, “Tenga ndowa yaikulu, usiye mpata pamwamba, ukafika uli wouma.” Pomwepo ndinamuitana mnyamata uja n'kumufunsa ngati liwiro la khadi la o-si lingatsitsidwe kuti lifanane ndi la wamba. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Anati n'zotheka, pali pulogalamu yake, koma anthu amaigwiritsa ntchito pokweza, osati potsitsa. Ndinamuuza kuti anthu amenewo si a kunyanja, andikulungire.

Ndinalifungatira pamiyendo mu minibasi njira yonse ya ku Salima, nditalikulunga m'chitenje ngati khanda. Nditafika ndinaliika m'kompyuta n'kutsitsa liwiro lake. Achimwene atamva zomwe ndachita anagwira pakamwa. Anati ndagula injini ya boti lalikulu kuti ndizikayendetsa pang'onopang'ono ngati bwato. Kenako, pofuna kuthandiza, anabwera ndi chiguduli chonyowa kuti tifunditse kompyuta, monga amachitira ndi nsomba popita nazo kumsika. Ndinachita kuwalanda chili m'malere, madzi akudontha. Tinatsala pang'ono kulira maliro ena, Amayi.

Ukwati unachitika Loweruka lapitali, ndipo ndinajambula zonse, kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani. Lamulungu m'mawa ndinali nditamaliza kudula ndi kulumikiza. Chinatsala n'chakuti kompyuta iphike zonsezo zikhale vidiyo imodzi, ife timati kurenda, ndipo pamenepa ndi pomwe yakale ija inkafera. A Nyirenda anali atanena kuti lole inyamuka anthu akangodya chamasana. Dzuwa linakwera, malata anayamba kulira, thukuta linkachita kuyenderera m'miyendo.

Ntchito ili pakati, ndinamva azimayi akuitanizana panja. Nditasuzumira ndinaona chimtambo chakuda chikuchokera panyanja ngati utsi. Nkhungu, Amayi, tizilombo touluka ta m'nyanja tija! Pa masiku onse a Mulungu zinasankha limeneli. Anzanga anathamanga ndi malichero onyowa kukakola ndiwo, ine ndinangoti kakasi. Ndikatseka zenera, chipinda chisanduka uvuni. Ndikalisiya, tizilomboto tilowa m'mafani n'kuwatseka. Maso anga anagwera pa sefa yanu ya ufa wa kondowole, yomwe ndinabwera nayo kuno kuntchito maliro atatha, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinaivundikira polowera mpweya pa kompyuta, n'kumanga m'mbali ndi mpango wanga, zenera n'kulisiya lotsegula.

Nkhungu zinadzaza m'chipinda, m'tsitsi, m'makutu, zina ndinameza. Pasefapo zinkaunjikana, ine n'kumazipukuta ndi dzanja. Mafani atatu aja anakweza mawu onse pamodzi, ndipo ndinkayang'ana nambala yosonyeza kutentha mtima uli m'mwamba. Inakwera pang'ono, kenako inaima. Inaima, Amayi, osasunthanso! Kamzere kosonyeza ntchito kanadutsa pamalo paja pomwe chaka chatha pankazimira zonse, kanapitirira, mpaka kanafika kumapeto. Ndinakuwa ndekha m'chipindamo moti atelala oyandikana nawo anathamangira kudzaona ngati ndagwidwa ndi magetsi.

Ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Kanyenda, nkhungu zikadali m'tsitsi. Ndinapeza lole itapakira kale matumba a usipa ndi mitolo ya chinangwa, adalaivala atakhala pachiwongolero. Akazi a a Nyirenda anali ataima pamsewu manja ali m'chiuno, nkhope itakonzeka kale kunena kuti suja ndinanena. Ndinangolumikiza vidiyo pa wailesi ya kanema pansi pa tenti, nyimbo n'kuyamba.

Mukanamva nthungululu zake! Azakhali ena okalamba a ku Usisya atadziona akuvina anaimirira n'kuyambanso kuvina, kupikisana ndi iwo eni a pakanemawo. Analamula kuti ndibweze, ndinabweza. Analamulanso, ndinabwezanso. Adalaivala analiza hutala mpaka anatopa, kenako anatsika n'kudzakhala nawo pamkeka, chifukwa nawonso anali atadziona akufupa. Lole ija inanyamuka mochedwa kwambiri, ndipo ulendo uno wochedwetsa sanali ine. Akazi a a Nyirenda anandipatsira okha madzi osamba m'manja, atagwada.

Ndikuululireni kanthu komwe sindinauze munthu. Chichokereni inu, popita kuntchito ndakhala ndikuzembera njira ya kuseri kwa chigayo, kuopa pakamwa pa amayi a mumsika. Lolemba ndinadzera pakati penipeni pa msika, mutu uli m'mwamba, mpaka pamzere wa mpunga. Pamalo panu pakukhala mayi wina wa ku Mwadzama masiku ano. Atandiona anasiya kuyeza mpunga, n'kukuwa kuti mzere wonse umve, “Si ameneyu mwana wa a Nachisale, waimitsa lole ku Kanyenda uja?” Ndinayankha kuti ndi yemweyo. Ndinafika kuntchito, ndinatseka chitseko, ndipo ndinalira kwambiri, koma kunali kulira kokoma.

Mvula ikatha tikumangirani chiliza, ndipo achimwene ndiwagwira pakhosi, sizikhala ngati za denga la khitchini. Tsiku limenelo ndidzajambula ndekha, ndipo palibe m'bale amene adzachoke pamudzi asanadzione akukuimbirani. Limeneli ndi lonjezo langa.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani lero monga kale.

Ndine mwana wanu,
Esinati