Buledi Uja Unanditumizira pa Foni

Wokondedwa mng'ono wanga Tiyanjane,

Uli bwanji kozizirako? Ife kuno ku Kabwata tili bwino, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Koma iwe, kaphikidwe ka buledi unanditumizira pa vidiyo kaja kandichititsa manyazi. Mayi wa mu vidiyoyo anati ukakanda ufa uuike pamalo ofunda. Ine n'kuuika pakhonde, padzuwa la Okutobala! Pobwera kumsika ndinapeza wasefukira m'beseni, nkhuku za aneba zikujompha. Wotsalawo nditangouika mu uvuni, malaiti anathima. Ndinamalizira pambaula, malasha pansi, ena pachivundikiro. Unatuluka wakuda, wolemera ngati njerwa.

Nthawi yomweyo apongozi anga, ba Mulenga, anatulukira kuchokera ku Chelstone. Analuma, n'kutafuna kwa nthawi yaitali, kenako anati, “Mwana wanga, chikanda chako n'chabwino, koma waiwala tsabola.”

Buledi wanga anamuyesa chikanda, chakudya choderapo chija cha mizu ndi nsinjiro! Alamu ako anaseka mpaka kutsamwa. Ine manyazi, ndinangovomera.

Tsopano apongoziwo alengeza kutchalitchi kuti chikanda cha paukwati wa mwana wawo ndidzaphika ndine. Wandiika m'mavutowa ndiwe, choncho funsa foni yakoyo kaphikidwe ka chikanda, unditumizire msanga.

Mulungu akusunge.

Ndine mkulu wako,
Esinati