Injini ya Lambros Ndaitsegulitsa

Trikala, 12 Novembala 2019

Kukonza injini yathu (mayuro): timipeni ta m'nsonga ndi zina zazing'ono, 940. Chigoba chimodzi, 620. Ntchito ya Mastro Nondas, 1,100. Zonse: 2,660.

Kugula injini yakale: injiniyo, 1,300. Kuikamo, 300. Zonse: 1,600.

Kusiyana: 1,060.

Wokondedwa mng'ono wanga Androniki,

Ndayamba ndi manambala kuti usaganize kuti mkulu wako wasokonezeka mutu. Ndaphunzitsa masamu zaka 34, ndikudziwa kuti 1,600 ndi yochepa. Komabe ndasankha yodulayo.

Galimoto yofiira ya malemu mwamuna wanga Lambros idafa mu Ogasiti. Sakis, mwana wa mlamu wanga, uja wa malo a khofi pabwalo, adaibwereka kuti apite nayo kunyanja. Ndidamuuza katatu kuti injini ya rotari si ngati zinazi, imamwa oyilo mwadala, poti oyiloyo ndiye amafewetsa timipeni tokhala m'nsonga za chitsulo chozungulira cha mkati mwake. Theka la lita pa makilomita 1,000 alionse. Ndidamuikira mabotolo awiri m'buti.

Adabwera nayo ikutsokomola, atayenda makilomita 4,300, mabotolo onse osatsegula. Adandipatsira m'manja akumwetulira. "Thia, azakhali anga, onani, ndakusungirani oyilo wanu!" M'mawa mwake galimoto siidalirenso.

Zikadathera pomwepo ndikadangolira ndekha. Koma iye adayamba kuuza aliyense womwa khofi kuti ndaipha ndine. Ndidamumva ndi makutu angawa ndikuchokera kogula buledi. "Galimoto ija imafuna liwiro, anyamata. Agogo aja amaiyendetsa ngati akuperekeza maliro. Yafa ndi mwaye, amalume akudzitembenuza m'manda!" Amuna asanu ndi mmodzi adaseka. Mayina awo ndili nawo.

Kenako Sakis adabwera kunyumba ndi maswiti a amondi ndi chifundo chambiri. Akuti kumbaros wake, mperekezi wa paukwati wake wa ku Larisa, ali ndi injini yakale yotsika mtengo, ndipo yathuyi aitenga yekha kukataya, ine ndisavutike. Ndidamufunsa kuti yakaleyo yayenda makilomita angati. Adati, "Ochepa, Thia." Ndidati ochepa si nambala.

Mastro Nondas, makaniki amene ankasamala galimotoyi Lambros ali moyo, adandiuza mosabisa. "Kiria Polikseni, yakale ndi chivwende, mumachidziwa mutachidula. Koma yanunso ndi chivwende. Ndikaitsegula inena amene adaipha, ndipo mwina itchula inu."

Ndidaganiza masabata asanu ndi awiri. Sindikubisa, Androniki, sindinapitirirepo makilomita 70 pa ola. Koma injini ikadapita ku Larisa osatsegulidwa, mawu a Sakis akadatsala okha m'tauni muno mpaka ndife.

Lachisanu Nondas adaitsegula ine ndili pomwepo, nditakhala pa chitini cha penti. Chigoba chakumbuyo n'chokalikakalika ngati mphika wopalidwa ndi mpeni, timipeni tiwiri tothyoka, chitsulo chitasanduka chobiriwira ndi kutentha. Nondas adapitsapo chala n'kundionetsa: gwa, kouma. "Iyi yafa ndi ludzu," adatero. Adanenanso pang'ono za mwaye, koma galaja ija muli phokoso, sindidamve bwino.

Lamlungu pa 24 ndi mwambo wokumbukira zaka zitatu za Lambros. Tirigu wa koliva, chakudya cha mwambowu, ndagula makilo anayi. Tikatuluka m'tchalitchi tikamwa khofi kwa Sakis, monga adadzipereka yekha kuti anthu amuone ulemu. Ndaitana anthu 46, asanu ndi mmodzi aja ali m'gulu. Makapu akagawidwa, Nondas adzalowa ndi chigobacho n'kuchiika patebulo lalikulu, pansalu yoyera, afotokoze mokweza. Ndidzangomwa khofi wanga pang'onopang'ono, monga ndimayendetsera.

Ndikupempha ziwiri. Uwaimbire foni amayi ake a Sakis, uwauze kuti ukhumudwa kwambiri akapanda kubwera, amakumvera iwe. Ndipo mwana wanga Fenia akakuimbira usamuuze kuti zibangili za amayi athu ndagulitsa. Ziwiri mwa izo zinali zako, ndakulembera pambali.

Upereke moni kwa alamu anga a Stratos ndi ana onse ku Stuttgart. Uwauze a Stratos kuti akabwera pa Pasaka ndidzawatenga kusiteshoni ndi galimoto yomweyo. Lambros ankandiseka kuti ndimawerenga ngakhale azitona m'mbale. Sankadziwa kuti akamakwera phiri la ku Pertuli, injini ija ikulira mokweza, ndinkaiwala kuwerenga ngakhale makona a msewu. Ndikufuna ndiimvenso, imeneyoyo, osati ya munthu wina.

Ndalipira Nondas: 1,330.
Zatsala: 1,330.
Zibangili: 1,450.
Zako pamenepo: 580.
Zimene ndikufuna kwa Sakis: 0. Asunge.

Ndine mkulu wako,
Polikseni Vlahaki